Mkazi Wanga Adatsala Kutsidya kwa Kasangadzi

Amene adandiwonongera moyo ndi mlamu wanga Gelesomu Chimutu wa kwa Mkanthama, ndipo adachita zimenezi chaka chimene mapaundi adatha n'kubwera makwacha. Ndikutchula dzina lake lonse dala, chifukwa kwawoko amamunena ngati munthu wabwino, mkulu wa mpingo, wodziwa kuyanjanitsa anthu. Ine Lufeyo ndimamudziwa mwina.

Mlongo wake, Delifa Nankhoma, ndidamuona koyamba pamsika akugulitsa zigumu. Ndidagula chimodzi, poluma ndidapeza kuti m'kati n'chosapsa. Nditadandaula adaseka mpaka kukhala pansi, nati, "Kadyereni padzuwa, chikapsera m'mimba." Kuseka kwake sikudali kwa ulemu ayi. Kunkayambira pansi ngati chifuwa, n'kukwera, n'kukathera m'mphuno, anthu mpaka kutembenuka. Tsiku la msika lotsatira ndidapitanso kukagula chigumu chosapsa.

Tidakwatirana, ine n'kukamanga kwawo monga mkamwini aliyense. Mwini mbumba adali Gelesomu, poti amalume awo adali atamwalira. Munthuyu adandiyesa ng'ombe yake. Dimba lake ndinkatipula ndine, chigafa chake cha fodya ndinkamanga ndine, iye ali khale pamthunzi n'kumaloza ndi chala. Ndinkapirira chifukwa madzulo Delifa ankandiyeserera mmene mchimwene wakeyo amayendera, mimba patsogolo, ndipo tinkaseka titatseka pakamwa kuopa kumveka.

Amalume anga atamwalira kuno ku Msangu, munda waukulu udatsala wopanda wolima. Ndidatuma ankhoswe anga kukapempha chitengwa, kuti mkazi ndibwere naye kwathu. Nkhuku ndi khasu zidaperekedwa monga mwa mwambo. Gelesomu sadakane. Adangondiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwapempha mkazi, alamu. Tengani."

Tsono kwa Mkanthama ali ndi kachitidwe kawo. Mwana wamkazi akamachoka pamudzi kupita ku chitengwa, mwini mbumba amagwada patsinde pa mtengo wa msolo, n'kuthira ufa, n'kuuza makolo kuti uje, mwana wa uje, akupita kwakuti, mumumasule apite yense. Ayenera kutchula dzina. Ine ndidakhala patali, pakuti mkamwini sayandikira pamenepo. Ndidamuona Gelesomu akugwada, ndidauona ufa ukutsika, milomo ikugwedera. Zimene adanena sindidazimve. Ndidadzamva patapita zaka, kwa mayi wina wokalamba amene adakhala pafupi tsikulo, kuti Gelesomu adangopempha mvula.

Tidanyamuka mmawa. Delifa adasenza dengu, akulongolola njira yonse. Pofika pa mtsinje wa Kasangadzi n'kuti akusimba za mbuzi imene idalowa m'tchalitchi pa nthawi ya ulaliki. Adapinda chitenje, tidalowa m'madzi, iye akuti, "Ndiye mlaliki uja potsegula maso..." Adasiyira pomwepo, pakati pa mtsinje. Ndidadikira. Tidatuluka kutsidya, madzi akutsika m'miyendo.

"Potsegula maso n'kutani?" ndidafunsa.

"Ndani?" iye adatero.

"Mlaliki."

"Kaya," adayankha, n'kukonza nkhata pamutu, n'kupitiriza ulendo.

Ndidati mwina ndi chisoni chosiya kwawo, chitha chokha. Sichidathe.

Musamve ngati adadwala kapena adapenga. Ankadzuka tambala asanalire kachiwiri, kusesa, kutunga madzi, kulima mzere wake mpaka kumapeto osaweramuka. Chakudya chinkafika pa nthawi yake. Anzanga ankandichitira nsanje. Ankati, "Lufeyo, mkazi wotere udamutola kuti? Wanga akayamba kulongolola nkhuku zimathawa." Ine ndinkangoseka nawo. Ndikadawauza chiyani? Kuti ndikufuna mkazi wonditukwana?

Chilichonse chimene ndinkanena, yankho lake lidali "Chabwino." Ndikati lero kwatentha, chabwino. Ndikati ndakusowa, chabwino. Pamphasa sankakana, komanso sankayandikira. Maso ake ankandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira nkhokwe ya mnzake, kungoona kuti ilipo.

Ndidayesa kumuputa. Tsiku lina ndidatenga mtsuko wake wabwino, umene adaumba yekha, n'kuuponya pansi iye akuona. Adatenga tsache. Tsiku lina ndidanama kuti ndapeza mkazi wachiwiri ku Mponela.

"Chabwino," adatero. "Abwera liti? Ndiviike chimera."

"Nankhoma, sukumva kuwawa?"

"Pati?" adafunsa, n'kudziyang'ana m'manja ngati mwina wadzicheka.

Mwana wathu woyamba adamwalira ndi chikuku asanayambe kuyenda. Amayi a m'mudzi adadzaza nyumba ndi maliro. Iye adakhala pakati pawo, miyendo yotambalala, maso ouma, kenako adaweramira kwa mnzake n'kufunsa ngati aliyense wa kumanda walandira madzi osamba m'manja. Anthu adati ndi wolimba mtima. Ine ndidapita kuseri kwa khola n'kukalira ndekha, za mwana ndi za mayi ake pamodzi.

Zinthu zidayamba kusowa chaka chachiwiri. Choyamba chidali chipeso chofiira chimene ndidamugulira nditagulitsa fodya. Ndidamupatsa madzulo, adachiika pamwamba pa dengu, mmawa palibe. Kenako kalilole. Kenako mikanda. Miphika, zipande, makasu, zimenezo sizinkasowa. Zinkapita ndi zokhazo zimene mwamuna amagula kuti mkazi amwetulire. Ndidakayikira ana a anansi, ndidakayikira makoswe, ndidatsala pang'ono kumenyana ndi msuweni wanga. Nditagula chitenje cha maluwa achikasu ndidagona nditachitsamira. Podzuka mutu wanga udali pamphasa, ndipo pamene padali chitenjecho padali chinyezi.

"Nankhoma, chitenje chija chili kuti?"

"Walandira," adayankha akukoleza moto.

"Ndani?"

Adauzira moto, utsi n'kukwera.

Patangopita masiku ochepa adafika munthu wogula zikopa za mbuzi, woyenda midzi yonse panjinga. Adapempha madzi akumwa. Nankhoma atatuluka ndi chikho, munthu uja adadzidzimuka mpaka madzi kutayikira pa malaya.

"Mayi, mwandipitirira pati? Si inu ndakusiyani pa Kasangadzi dzuwa lili apa, mukuchapa? Mwandiseka njinga itandigwetsa m'madzi."

"Chabwino," adatero Nankhoma.

"Munavala chitenje chachikasu," adaonjeza munthuyo, koma mawu adali atayamba kuchepa. Adaika chikho pansi osamaliza, n'kukwera njinga. Zikopa sadafunse n'komwe.

Ndidagona nazo masiku angapo. Kenako ndidamuuza mkazi wanga kuti ndikupita kwa Mkanthama, kumtsinje, kukaona. Ndinkayembekeza kuti mwina anjenjemera, mwina andigwira mkono. Iye adakazinga chimanga, adandimangira m'kansalu ndi mbatata ziwiri, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

"Mukampatse moni," adatero.

Ndidafika pamtsinje dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale mbalame zimakhala chete. Ndidabisala m'bango kumtunda kwa dooko. Amayi atatu ankachapa pathanthwe, koma kumenya kwa zovala ndinkakumva kanayi. Adakhala motalikirana, pakati pawo atasiya malo a munthu mmodzi, ndipo malo amenewo mwala udali wonyowa. Mayi wina adanena kanthu kena, sindidamve bwino. Pamenepo kudabwera kuseka kuja, koyambira pansi ngati chifuwa, kokathera m'mphuno.

Ndidakhala m'matope momwemo, udzudzu ukundidya, n'kumamvetsera ngati munthu wanjala wonunkhiza nyama ya eni. Mphepo idandibweretsera fungo la sopo amene ndidagula mwezi wapitawo. Nditalephera kupirira ndidatuluka m'bango n'kufuula, "Delifa!"

Zii. Kumenya kwachinayi kudaleka. Pathanthwe padaoneka mapazi onyowa olowera kumudzi, ndipo ankauma ine ndikuyang'ana.

Amayi aja sadachite mantha. Adakwiya. Wamkulu mwa iwo adapukuta manja nati, "Alamu, n'chiyani chimenechi? Munthu amachapa bwinobwino, mwamuthamangitsa. Tsopano zovala zakezi atsukuluze ndani?"

Ndidakwera kumudzi ndili matope okhaokha. Gelesomu ndidamupeza akusoka fodya pachigafa chomwe ndidamanga ine.

"Alamu, mwatiyendera? Kunyumba ali bwanji?"

"Ndabwera kudzatenga mkazi wanga."

"Mwamusiya kunyumba."

"Musandiyese mwana. Ali kumtsinje uko."

Adapitiriza kusoka. "Kodi amene tidakupatsaniyo saphika? Salima? Amakuyankhani mwano?"

"Ayi."

"Nanga mlandu wanu ndi wotani? Ndikaitane ankhoswe, mukawauze kuti mkazi wanga ndi womvera kwambiri?" Adaseka, anthu amene ankamuthandiza n'kusekanso. Kenako adaika fodya pansi nati, "Kuseka kumene mwamvako kudali kwa mudzi uno inu musanabwere. Mayi athu akalamba, amakumva madzulo, mtima n'kukhala pansi. Manja ndi msana tidakupatsani. Mukufuna mutenge zonse, ife titsale ndi chiyani?"

Ndidagwada, ine munthu wamkulu, pamaso pa antchito ake. Ndidati ndidzalima dimba lake mvula iliyonse mpaka imfa, angopita pamsolo n'kutchula dzina. Adati aganizira.

Adaganizira zaka zoposa makumi anayi. Ndidapita kwa asing'anga awiri, onse adati chomanga ndi pakamwa chimamasulidwa ndi pakamwa pomwepo. Akumpingo adabwera kudzapemphera, Nankhoma adawaphikira nkhuku, adapita akumuyamikira. Mayi ake adamwalira, ndidati tsopano chifukwa chatha, koma Gelesomu adati maliro akali aawisi. Chaka chilichonse ndikagulitsa fodya ndinkagula kanthu, ndolo kapena mpango, n'kuika pamwamba pa dengu. Mmawa ndinkayang'ana mkazi wanga, iye n'kunena kuti, "Walandira." Ndinkafunsa ngati wakondwera. "Kaya," ankatero. Ndipo chilimwe chilichonse ndinkakabisala m'bango muja, osaitananso. Ndinkabwerera dzuwa litapendeka, n'kupeza madzi osamba atatenthedwa kale. Munthu kuchita chibwenzi chobisa ndi mkazi wako yemwe, mkazi wakoyo n'kumakumangira kamba wa pa njira. Uzani wina zimenezi muone ngati sakusekani.

Titakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu, ndidaganiza kuti ngati uyo wa kumtsinje sangabwere kuno, ndipite naye uyu kumeneko. Mwina akakhala mudzi umodzi, kumwa chitsime chimodzi, adzakumana pa njira n'kulowana. Ndikhalenso mkamwini ndi imvi, anthu aseke, zilibe kanthu. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi lokha ndisanafe andiyang'ane n'kundiseka. Munda ndidapatsa mwana wa mlongo wanga. Mbuzi ndidagulitsa. Chitseko ndi malata ndidazula n'kupereka kwa anansi.

Munthu sungangofika pamudzi wa eni ndi katundu. Mwambo umati utsogoze mawu kwa mwini mbumba, unene tsiku. Ine ndidatsata mwambo. Ndidatuma mawu kwa Gelesomu kuti tifika Loweruka.

Tidanyamuka Lowerukalo, ine ndikukankha njinga yomangirira mphasa ndi miphika, Nankhoma pambuyo ndi ndodo. Miyendo yake idali itayamba kale kutupa, choncho tinkayenda pang'onopang'ono, kupuma pamthunzi uliwonse. Dzuwa litakwera tidalowa m'nkhalango ya misuku imene ili kufupi ndi mtsinje. Njira ya m'menemo ndi yopapatiza, udzu mbali zonse. Nyenje zinkalira mpaka kugonthetsa m'khutu, kenako zidaleka zonse nthawi imodzi.

Kutsogolo kunkabwera munthu. Adasenza kamtolo, chitenje atafunda kumutu kotero kuti ndinkangoona chibwano. Chitenjecho chidali cha maluwa achikasu, chatsopano ngati chagulidwa dzulo. Mapazi ake adali onyowa, fumbi silinkamatirira. Atatiyandikira adapatuka m'udzu n'kugwada, monga amachitira mtsikana woleredwa bwino akakumana ndi akuluakulu.

"Zikomo, agogo," adatero. "Njira ya ku Msangu, kwa a Lufeyo, ndi yomweyi?"

Mawu amenewo ndinkawadziwa kuposa anga. Ndidagwira njinga mwamphamvu kuti ndisagwe. Amene adayankha ndi mkazi wanga, kumbuyo kwangaku.

"Ndi yomweyi. Ukafika pa mkuyu ukhotere kumanja. Nyumba yake ilibe chitseko."

"Zikomo, agogo aakazi." Adadzuka, n'kuseka pang'ono m'mphuno. "Akandikalipira kuti ndachedwa. Achimwene angondimasula mmawa uno."

Adadutsa pambali panga. Ndidamva kuzizira pamkono ngati ndayandikira mtsuko wa madzi. Adadutsanso pambali pa Nankhoma, mapewa awo kutsala pang'ono kukhudzana, koma palibe adayang'ana mnzake. Njinga idagwa, mphika umodzi n'kusweka. Potembenuka ndidangoona udzu ukugwedera.

"Nankhoma! Bwanji sudamugwire?"

"Amafunsa njira," adatero.

"Tiye tibwerere. Tiye msanga, timupeza pa mkuyu."

Adayesa kutembenuka, n'kukhala pansi pakati pa njira. Adavula nsapato, ndipo ndidaona mapazi atatupa mpaka khungu kunyezimira. "Chabwino," adatero, koma kudzuka kudakanika. Ku Msangu kudali kutali, kwa Mkanthama kudali kutsidya kwa madzi basi. Ndidaima pakati, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku. Munthu amene adanditenthera madzi moyo wanga wonse sindikadamusiya m'nkhalango. Ndidatsitsa katundu, ndidamukweza panjinga, n'kumuwolotsa.

Polowa m'mudzi ndidapita kaye pamsolo. Ufa udali pamenepo, woyera, nyerere zisanaupeze. Gelesomu adali pakhonde, wonenepa, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Mudandipempha zaka zonsezi, alamu," adatero. "Ndachita. Kodi simudakumane naye?"

Anthu amati mwina adachita mwa ukalamba, adasokoneza masiku. Ine ndikuti adadziwa. Adadikira mpaka nditazula chitseko.

Nankhoma sadayendenso. Adagona m'nyumba ya mdzukulu wa mchemwali wake mpaka mvula yoyamba. Ndinkamutembenuza, ndinkamumwetsa phala. Amayi a m'mudzi ankandiyang'ana ndi diso loipa, ankati kumtsinje kwazizira chifukwa cha ine. Tsiku lomaliza ndidamugwira dzanja n'kumufunsa ngati pa zaka zonsezi padali tsiku limodzi limene adakondwa kukhala nane. Adaganiza ndithu, sadafune kundinamiza.

"Simunkandimenya," adatero. Patapita kanthawi adafunsa ngati ndatsekera nkhuku. Nkhuku tidalibe.

Atamuika m'manda a kwawo ndidabwerera kuno ndekha. Mwana wa mlongo wanga adandisiyira kangodya ka munda ndi nyumba yanga yopanda chitseko, ndidafolera ndi udzu. Ndidapeza pabwalo posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. M'nyumba munkanunkhira sopo.

Alipo. Amabwera dzuwa likapendeka, amaima kuseri kwa khoma la kumadzulo. Sindizungulira kukamuona, ndidaphunzira. Tsiku loyamba adati, "Odi, agogo. A Lufeyo sanabwerebe?"

Ndidati, "Ndine, Delifa. Lufeyo ndine."

Kenako ndidamva mapazi akuthamanga m'mapesi. Sadabwerenso mpaka chimanga chidacha, ndipo miyezi imeneyo ndidatsala pang'ono kufa. Mtsikana aliyense angathawe nkhalamba yopanda mano yodzitcha mwamuna wake. Sindimuimba mlandu.

Tsono masiku ano akafunsa ndimati, "Sanabwere, mwanangu. Adapita kumsika. Dikira pang'ono."

"Munthu ameneyu ndi wozengereza," amatero. "Mwina waima penapake akukangana ndi wogulitsa zigumu." Ndiye amaseka, kuyambira pansi mpaka m'mphuno, khoma lokha lili pakati pathu. Nthawi zina amandifunsa ngati ndimamudziwa bwino Lufeyo, ngati ndi munthu wosunga mkazi. Ndimati ndi wosauka koma amayesetsa. Amati, "Ndimamufuna choncho." Kukayamba mdima amatsazika mwaulemu, n'kunena kuti abweranso mawa.

Gelesomu adamwalira chaka chatha, mwezi wokolola. Adadya bwino madzulo, adagona, sadadzuke. Pamaliro pake adapha ng'ombe, kwaya zidachokera mipingo itatu, ndipo manda ake adawaka ndi simenti.